Fizio ya madala ku Kabwata: miyezi isanu, chiuno changa, bondo langa ndi ndalama zanga

Anthu akhala akundifunsa kutchalitchi ndi pa msika wa Chilenje kuti kodi a madala ndodo ija mwaitaya kuti, wina mpaka ati mwina ndinapita kwa mneneri, ndiye ndaona kuti ndingolemba kamodzi aliyense awerenge yekha. Kunalibe mneneri. Ndi kamalo ka fizio, komwe amathandiza ululu wa minofu ndi mafupa ndi maekisesaizi, kali mbali ya Kabwata ku Lusaka, nyumba wamba yokhalamo anthu yomwe anaisandutsa kiliniki, ndipo ndakhala ndikupitako miyezi isanu manje. Dzina la malowo sindilemba kaili pali zina zomwe ndidandaule m'munsimu ndipo sindifuna kuipitsa nchito ya ana a eni ake pa intaneti, wofuna kudziwa adzandifunse pamaso ndidzamulozera. Zikanakhala nyenyezi zija amapereka pa foni ndikanawapatsa zinayi pa zisanu, imodziyo ndaibweza m'thumba pa zifukwa zomwe ndinene.

Ndili ndi zaka 64. Kwathu ndi ku Katete koma ku Lusaka ndinabwera ndili mnyamata, ndipo zaka 27 ndinazithera pa chiwongolero cha thiraki, Dar es Salaam kudzera pa Nakonde, Chirundu, Kasumbalesa, mizere ija ya pa boda yomwe umagona mu kabini masiku anayi thiraki osasuntha olo mita imodzi. Nditapuma pa nchito pa zaka 60 ndinati basi thupi ili lavutika mokwanira, lipumule. Ndipo ndinakhaladi pansi, m'mawa mpando wa pakhonde, masana nsolo pansi pa mtengo wa mango ndi anzanga, madzulo nyuzi pa TV mpaka tulo. Chinayamba ndi chiuno, kudzuka m'mawa chitauma gwa ngati wina wandimanga ndi waya usiku, kenako bondo lamanzere, la klatchi lija, linayamba kulira ndikamakwera masitepe. Mu June ndi July kuzizira kwa Lusaka kuja ndiye zinkafika poipa, sokosi ndinkachita kuitana mdzukulu kuti andiveke, kutsika mu minibasi pa Kulima Tower kondakitala akuti changu changu madala koma ine mwendo ukukana kupindika, anthu kumbuyo akung'ung'udza. Chomwe chinandipweteka mtima kwambiri ndi tsiku lomwe ndinalephera kudzuka pa chimbudzi ndekha, ndinakhala pamenepo ndikugwira khoma mpaka ndinaitana amai a kunyumba. Mwamuna amene wakumana nazo akudziwa mmene zimamvekera mumtima.

Zomwe ndinayesa ndi zambiri. Diclofenac wa pa kemisti ndinkamwa ngati nshawa, awiri m'mawa awiri madzulo miyezi ndi miyezi, nthawi zina pamimba popanda kanthu. Mafuta otentha opaka aja, nyumba yonse kununkha. Lamba wa m'chiuno wa ku Kamwala ndinkamuvala tsiku lonse mpaka kugona naye. Kuthowa ndi madzi otentha, uku ndiye kunkathandiza pang'ono kwa ola limodzi. Nditapita kumudzi achimwene anga ananditengera kwa munthu wina anandimenya mphini zisanu ndi chimodzi pamsana, zipsera zilipo mpaka lero koma ululu sunasunthe. Aliyense ankandiuza chinthu chimodzi, ati ndi nyamakazi ya ukalamba musamayende yende pumulani, ndipo ine ndinkamvera, kupuma kwake kunkawonjezeka ululunso nkumawonjezeka. Kenako m'mimba munayamba kutentha ngati ndameza khala la mbaula, ndiye pamene mwana wanga wamkazi woyamba anakwiya, anati adadi mwakana mokwanira ndalipira kale Lachiwiri ndibwera kudzakutengani, osandipatsa mpata woyankha.

Ndinapita ndili ndi maganizo oti akanditikita, andiika pa makina, basi ndibwerere. Amene anandilandira ndi mtsikana wa msinkhu wa mwana wanga wachiwiri, satifiketi yake ya Health Professions Council of Zambia, bungwe lovomereza ogwira nchito za umoyo, ili pakhoma mu fulemu, ichi muziyang'ana kulikonse komwe mwapita kaili masiku ano aliyense wogula tebulo ndi mafuta akudzitcha fizio. Ma fizio enieni amaphunzira zaka, ena ku UNZA ena ku Evelyn Hone. Tsiku loyambalo pafupifupi ola lathunthu linatha ndi mafunso chabe asanandigwire nkomwe. Ululu umayamba nthawi yanji, umatsikira ku mwendo kapena ayi, usiku umakudzutsani, mwaonda mosadziwa chifukwa, mumatuluka thukuta usiku, mumatsokomola, munagwapo. Kenako anatsitsa mawu nati atate mundikhululukire ndifunse za kuchimbudzi, mkodzo umatuluka bwino, usiku mumadzuka kangati, pali dzanzi pakati pa miyendo. Ndinachita manyazi, mwana wamng'ono kufunsa zotero kwa munthu wamkulu, koma anafotokoza bwinobwino ndipo apa ndi pamene ndinayamba kumulemekeza. Anati kwa bambo wa zaka zanga si ululu uliwonse wa msana womwe ndi wa minofu, khansa ya pulositeti, kachiwalo ka amuna ka pansi pa chikhodzodzo, ikafalikira imakonda kupita ku mafupa a msana ndi chiuno, TB nayonso imatha kulowa m'mafupa a msana, ndipo munthu akamalephera kugwira mkodzo kapena chimbudzi limodzi ndi dzanzi pakati pa miyendo ameneyo si wa fizio, ndi wothamangira naye kuchipatala tsiku lomwelo. Popeza ndinati usiku ndimadzuka katatu, anandilembera kakalata kuti ndikayezetse magazi a PSA, oonera pulositeti, ndi impso ndisanayambe chilichonse cholemera. Ndalama ya tsikulo akanatha kungoidya nkundigoneka pa makina, koma ananditumiza kwina kaye. Zotsatira zinabwera bwino, pulositeti yakula chabe monga zimachitikira madala ambiri, koma dokotala ataona nkhani ya diclofenac anagwira pakamwa, anati mankhwala amenewa ndi Brufen yemwe amathandiza akamwedwa masiku ochepa, koma tsiku ndi tsiku kwa munthu wachikulire amaboola m'mimba, amawononga impso ndipo amakweza BP.

Nditabwerera ndi mapepala anga mtsikana uja anakoka mpando wamba wopanda manja nauika kukhoma. Anati atate khalani, pingasani manja pachifuwa, ndikati tiyeni muziimirira nkukhala, kuimirira nkukhala kwa masekondi 30 ine ndiwerenga. Ndinafika 7 ndikupuma ngati ndakankha thiraki. Anandiuza kuti bambo wa zaka 60 mpaka 64 akalephera kufika 14 ndiye kuti miyendo yafooka ndipo ngozi yakugwa yayandikira. Theka chabe. Ndinatulutsa X-ray yanga yakale yomwe ndinkayenda nayo mu envelopu ngati chiphaso, kumuonetsa kuti onani mafupa anatha, iye anaiyang'ana pa windo nati zoona pali kuperepeseka, koma mutatenga madala khumi pa nsolo panu paja omwe sadandaula msana nkuwajambula, ambiri mupeza zithunzi zofanana ndi chanuchi. Chithunzi ati chimaonetsa zaka, sichionetsa ululu.

Zomwe anandifotokozera pambuyo pake ndinazimva msanga kaili ndine munthu wa magalimoto. Thiraki yoimikidwa pa yadi chaka chathunthu imawonongeka kuposa yomwe ikupita ku Nakonde sabata iliyonse, batire limafa, mabuleki amagwira, matayala amaphwa mbali imodzi, aliyense wa pa msewu akudziwa. Mu bondo muli chicherewecherewe chomwe chimakuta nsonga za mafupa, ndipo chimenechi chilibe mitsempha ya magazi, chakudya chake chimachokera ku timadzi ta mu bondo momwemo, timalowa ndi kutuluka ukamapinda ndi kuponda ngati siponji ikamafinyidwa. Ukangokhala osayenda chimakhala ndi njala. Minofu nayo munthu akapitirira zaka 30 imayamba kuchepa pang'onopang'ono, 3 mpaka 8 peresenti pa zaka khumi zilizonse, ndipo ukadutsa 60 imathamanga kutha makamaka ngati suigwiritsa nchito. Minofu ya pa ntchafu ndiyo mashokabu a bondo, ikafooka bampu iliyonse imagunda pa fupa. Ndiye ine zaka zinayi za pa mpando wa pakhonde ndinali ndikuchotsa mashokabu ndekha uku ndikudabwa kuti bwanji galimoto ikugunda. Za lamba wa ku Kamwala anati muvuleni, ngakhale a WHO, bungwe la zaumoyo pa dziko lonse, mu malangizo awo a 2023 a ululu wa msana wokhalitsa anati malamba ndi makina okoka msana sizoyenera kudalira, chomwe anaika patsogolo ndi kuphunzitsa wodwala ndi maekisesaizi. Ndinamusiya lambayo koma sabata yoyamba ndinkamva ngati ndili maliseche.

Makina alipo, sindikana. Kathumba kotentha koika pamsana, ndi kamakina kena kamawaya komata pakhungu kamene kamachita nyerenyere. Zimakoma, munthu umafuna kugona pomwepo, ndipo masabata oyamba ndinkaona ngati ndalama yanga ikupita pamenepo. Tsiku lina ndinafika malaiti atapita, jenereta ilibe mafuta, ndinakwiya ndinati ndiye ndalipiriranji mundibwezere. Mtsikana uja sanakwiye, anati atate makina aja ndi ndiwo zokometsera chabe nsima yake ndi iyi, natulutsa mphasa ya pulasitiki ndi lamba wa mphira. Tsiku limenelo tinachita mphindi 40 popanda waya uliwonse ndipo madzulo ake ndi tsiku loyamba lomwe ndinavula nsapato ndekha osakhala pansi kawiri. Kuyambira pamenepo makina ndimawapempha mwa apo ndi apo chabe.

Koma chomwe ndikufuna madala anzanga amve ndi kalasi ya Lachiwiri ndi Lachinayi 07:00 m'mawa, kuseri kwa nyumbayo pansi pa shedi ya malata. Timakhala asanu ndi atatu nthawi zina khumi, amuna okhaokha, wamng'ono ali ndi zaka 58 wamkulu 79. Pali aphunzitsi opuma, pali kalipentala wa phewa lomwe silinkakwera kupitirira khutu, pali wina anali wapolisi, pali abusa. Poyamba ndinkaona ngati ndi zachibwana, amuna a imvi kugona chagada pa mphasa nkumanyamula matako m'mwamba, ndinati anzanga a pa nsolo akandiona pano nditha ine. Koma ukaona bambo wa zaka 79 akuchita kakhumi osadandaula manyazi amatha okha. Timayamba ndi kuyenda mozungulira yadi mphindi zisanu kuti thupi litenthe, kenako mpando uja kukhala nkuimirira, kukwera ndi kutsika pa sitepe imodzi ya buliki, kunyamuka pa zala za kumapazi utagwira khoma, kukoka mphira ngati ukupalasa bwato kuti mapewa ndi msana wa pamwamba zilimbe, kunyamula zigubu za malita asanu m'manja onse awiri nkuyenda nazo mowongoka. Chovuta kwambiri kwa ine chinali kuima ndi mwendo umodzi, masekondi atatu ndinali nditagwira kale khoma. Mphira zawo za mitundumitundu ndi zodula mukafuna kugula yanu, koma kalipentala uja anabwera ndi malegeni a chubu cha njinga ndipo a fizio anawayesa nati awa ali bwino bola muziona kuti sanang'ambike angakumenyeni kumaso. Kunyumba ndimagwiritsa malegeni omwewo, ndinawamanga pa chitsulo cha windo la kuchipinda.

Mu kalasi muja timaphunziranso za anzathu. Wapolisi uja tsiku lina anabwera chala chachikulu cha kuphazi chitatupa chofiira, nsapato osalowa, akuti ndilimba mtima ndichite nawo. Anamuletsa, anati iyi ndi gauti si nyamakazi wamba, ikabuka chonchi mfundoyo imafuna kupuma ndi mankhwala a dokotala, ndipo anamufunsa za Loweruka, anavomera yekha kuti kunali michopo, chiwindi ndi mowa. Tonse tinaseka koma tonse tinamva, kaili gauti imakonda amuna ndipo zam'kati za nyama ndi mowa zimaiputa. Ndimakonda kuti samatiika m'thumba limodzi, wa phewa ali ndi zake, wa shuga amamufunsa ngati wadya asanayambe, wa BP amamuyeza kaye ndipo amatikumbutsa kuti osagwira mpweya ponyamula chinthu, uzipuma.

Sabata yachitatu ndinatsala pang'ono kusiya. Ndinamva bwino tsiku lina ndiye ndinawonjeza ndekha kunyumba, m'malo mwa kakhumi ndinachita ka 30, kenako nkukatenga khasu kukalima kadimba kakuseri tsiku lomwelo. M'mawa mwake bondo linatupa ngati papaya, chiuno osatembenuka, ndinagona masiku awiri ndikuti ndinanena ine, ana awa andithyola. Lachinayi sindinapite. Cha m'ma 10 foni inalira, ndi mtsikana uja, atate lero sitinakuoneni muli bwanji. Ndinamukalipira pang'ono, iye anamvetsera mpaka ndinamaliza ndiye anandipatsa lamulo lomwe ndimayendera mpaka lero. Anati ululu muziupatsa nambala kuyambira 0 mpaka 10, pochita maekisesaizi ukafika 3 kapena 4 palibe chikuwonongeka pitirizani, koma ukadutsa 5, kapena mawa lake nthawi yomweyo usanabwerere pomwe unali, ndiye kuti mwachulutsa, musasiye koma chepetsani theka. Anati bwerani Lachiwiri olo mungoyenda mozungulira yadi basi. Foni imeneyo sanandilipiritse, ndipo ikanapanda kulira bwenzi lero ndili pa mpando wa pakhonde ndi lamba wanga. Pang'onopang'ono ndi mtolo, akuluakulu sananame.

Kuyenda ndi homuweki yomwe amatipatsa tonse. A WHO amati munthu wamkulu azipeza mphindi 150 mpaka 300 pa sabata za kuyenda kofulumirirapo kapena zofanana nazo, masiku awiri kapena kuposa a zolimbitsa minofu, ndipo kwa a zaka 65 kupita m'mwamba masiku atatu a zophunzitsa thupi kusagwa. 150 imamveka yambiri koma ndi mphindi 30 masiku asanu basi. Ine ndinayamba ndi 10, kupita pa kona kukagula buledi nkubwerera. Liwiro lake anatiuza kuti uzitha kulankhula ndi mnzako koma nyimbo ikukanike kuimba. Vuto la Lusaka ndi poyenda pake, m'makomboni mwathu misewu yambiri ilibe mbali ya oyenda pansi, uku ngalande uku minibasi, nthawi ya mvula matope, mu October dzuwa likangotuluka mutu umawira. Ndiye ine ndimadzuka 05:30, ndimadutsa kutenga aphunzitsi aja omwe amakhala ku Libala, timazungulira bwalo la mpira la pafupi kasanu ndi kamodzi tikukambirana za penshoni ndi mitengo ya unga, pobwerera dzuwa likutuluka kumene. Nsapato zikhale zofewa pansi, ine ndinagula za salaula ndipo zikugwira nchito bwino lomwe, zodula za m'mashopu a ku mall sizofunika.

Manje nyenyezi yomwe ndabweza ija. Choyamba, pakhomo polowera pali masitepe atatu aatali opanda chogwirira, pa malo omwe anthu ake ndi a mawondo ndi ndodo, ndinaona ndi maso anga agogo ena aakazi akunyamulidwa ndi ana awo awiri kuti alowe. Chimbudzinso ndi chachifupi, chopanda chitsulo chogwira podzuka. Ndawauza katatu, amati tauza eni nyumba. Chitsulo chimodzi ndi welda wa pa Kabwata pomwepo ndi nchito ya tsiku limodzi, izi sizifuna msonkhano.

Chachiwiri ndi kusinthasintha kwa anthu. Mtsikana uja akapita ku tchuthi kapena kukaona odwala m'makomo umapeza wina amene sakudziwa nkhani yako, kuyambiranso kufotokoza. Tsiku lina mnyamata wina anandiika kathumba kotentha pamsana ndi thaulo limodzi lopyapyala nkutuluka kukayankha foni, ndinaitana kawiri osamva, pomwe ankabwera khungu linali litafiira ndipo linasupuka pang'ono mawa lake. Kwa ine chinapola msanga, koma akanakhala mnzanga wa shuga uja amene samva bwino kutentha pakhungu bwenzi chili chilonda chachikulu. Anapepesa, ndipo a bwana ake anandiimbira, koma siziyenera kuchitika. Madala anzanga, chikatentha kwambiri musalimbe mtima ngati muli ku dambwe, kuwani.

Chachitatu, pa risepushoni pali shelefu ya mabotolo a mapiritsi a glucosamine ndi ena olembedwa za mafupa, ndipo mayi wa pamenepo amakukakamiza ndithu, ati atate popanda awa bondo silichira. Botolo limodzi mtengo wake kuposa kalasi ya mwezi wathunthu. Nditamufunsa fizio wanga anayang'ana kukhomo kaye nanena motsitsa kuti umboni woti amathandiza ndi wofooka, ndalamayo mukagule kapenta, nyemba, mazira ndi nshawa minofu ipeze chomangira. Ndinamuthokoza chifukwa cha chilungamo chake koma nyumba imodzi isamalankhule pawiri. Kapepala ka maekisesaizi a kunyumba nakonso ndi ka Chingerezi chokhachokha, zithunzi zake za anthu ali mu jimu ndi zipangizo zomwe ife tilibe, ine ndimawerenga koma kalipentala uja anangokapinda nkukaika m'thumba. Kulemba m'Chinyanja ndi kujambula mpando ndi chigubu kungavute chani. Nthawinso saisunga kwenikweni ukakhala ndi apointimenti ya wekha, 09:00 imatha kukhala 09:40, koma kalasi ya m'mawa ija imayamba pa nthawi yake.

Za ndalama. Tsiku loyamba tinalipira K400, kuonana ndi fizio pawekha K300 ulendo uliwonse, kalasi ya madala K350 pa mwezi, amalandira mobile money koma khadi la inshuwalansi ya zaumoyo ya NHIMA pamalopa salandira. Kwa munthu wodya penshoni ya NAPSA izi si zochepa, popanda mwana wanga sindikanakwanitsa miyezi iwiri yoyamba. Malangizo anga ndi oti musawononge ndalama pa maulendo ambiri a pawekha, atatu kapena anayi akukwana kuti akuyezeni ndi kukuphunzitsani, kenako lowani kalasi, ndiyo yotchipa ndipo ndiyo yomwe inandithandiza kwambiri. Amene alibiretu asataye mtima, ku zipatala za boma za UTH ndi Levy Mwanawasa kuli ma fizio, yambirani pa kiliniki ya kwanu mupemphe kalata. Mpando, khoma, buliki, chigubu ndi malegeni aliyense ali nazo pakhomo, chomwe ukugula kwenikweni ndi munthu wodziwa woti akuyeze kaye kuti si matenda ena, akuonetse kachitidwe koyenera, ndi anzako oti ukajomba akufunse kuti munali kuti.

Si ine ndekha, a WHO amati mu 2020 anthu 619 miliyoni pa dziko lonse anali ndi ululu wa msana wa m'munsi, ndipo ndiwo umalemaza anthu ambiri kuposa vuto lina lililonse. Koma mmene ndaonera ine pa benchi yodikirira paja, azimayi amabwera msanga, ife amuna timabwera titafika kale pa ndodo, kaili tinaleredwa kuti mwamuna salira ndipo ululu timaubisa mu mapiritsi ndi mu botolo.

Sindinachire ngati mnyamata, ndisakunamizeni. M'mawa chiuno chimaumabe koma mphindi 10 chamasuka pomwe kale chinkatenga mpaka tiyi atazizira. Kukazizira bondo limandikumbutsa kuti lilipo. Pa mpando paja mwezi watha ndinafika 15. Mwendo umodzi ndimaima masekondi 20 kumanja, 14 kumanzere. Sikelo inali pa 94 manje ili pa 89, ndipo anandiuza kuti kilo imodzi ikachoka pathupi bondo limapepukidwa pafupifupi makilo anayi pa sitepe iliyonse, ndiye werengani nokha. Diclofenac ndinasiya, zikavuta ndimamwa Panado kamodzi mwina pa sabata, m'mimba munazizira.

Mwezi watha kunagwa maliro kumudzi, alamu anga, ndipo ndinakwera basi pa Intercity, ulendo wa makilomita pafupifupi 500 pa Great East Road womwe chaka chatha ndinaukana pa maliro ena chifukwa choopa mpando. Ndinapempha wa mbali ya kanjira kuti ndiziwongola mwendo, ndinkapinda mapazi mmwamba ndi pansi monga anatiphunzitsira, pa Luangwa anthu akuthamangira nsomba zouma ine ndinagwira basi kumbuyo nkuchita zonyamuka pa zala kakhumi, kenako kuyenda uku ndi uku mpaka dalaivala analiza huta. Ku Katete ndinatsika ndekha ndi chikwama changa. Usiku pa siwa amuna tinakhala panja pa moto, mipando inali ya mafumu ndi akuluakulu a mpingo, ine ndinakhala pa mphasa pansi ndi anthu ena onse, ndipo m'bandakucha ndinadzuka ndi bondo limodzi ndi dzanja limodzi popanda wondikoka. Kumanda adzukulu atatopa ndinapempha fosholo ndinaponya dothi kasanu ndi kawiri pa manda a alamu anga. Achimwene anga omwe ananditengera ku mphini aja anandiyang'ana nthawi yaitali, pobwerera anandikokera pambali nati iwe tandionetsa za pa mpando zija, ndiye tinabwereka mpando wa kusukulu tinauika kukhoma la nkhokwe, ine ndikuwerenga pa wotchi ya foni. Anafika 6, ndi zaka zawo 71. Ndinawasiyira malegeni anga, ndipo Lamlungu lililonse madzulo ndimawaimbira kufunsa nambala, sabata yatha anati 8.